Nsomba ziti zingakhale mu thanki imodzi osadyana: mmene ndimasankhira kuno ku Chipata

Mwezi wa Julayi mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba m'mawa kwambiri ndi kabaketi m'manja, nkhope ili gwa. "Amalume taonani, dzulo zinali zisanu ndi ziwiri, lero zatsala zitatu chabe, ndipo mitembo kulibe." Mu thanki yake anaika ma neon tetra, tija tating'ono ta mzere wa buluu wonyezimira, pamodzi ndi angelfish ziwiri zazikulu ndi goldfish imodzi. Amene anamugulitsa ku Lusaka anangomuuza kuti zonse ndi nsomba, zikhala. Titapita kukaona, angelfish imodzi mimba inali itatupa ngati yamwa madzi, goldfish nayo mchira utadyekadyeka, ili phee pansi pakona. Mwanayo ndalama anasunga miyezi itatu, ndiye zinandipweteka mtima zedi. Nchifukwa chake ndati ndilembe mmene ine ndimachitira, kuyambira pomwe simunagule olo nsomba imodzi mpaka sabata yoyamba zitalowa.

Choyamba musayambe ndi nsomba, yambani ndi tepi. Yezani thanki yanu mulitali, mulifupi ndi msinkhu mu masentimita, chulukitsani zitatuzo, kenako gawani ndi 1000, mupeza malita. Ya 60 ndi 30 ndi 30 imakupatsani malita 54. Ya 120 ndi 45 ndi 45 ndi malita 243, koma mukaika mchenga ndi miyala madzi enieni amachepako. Chomwe chimathandiza kwambiri pa nkhani ya ndewu ndi kutalika kwa thanki, osati kuya kwake, chifukwa nsomba yothamangitsidwa imafuna pothawira chammbali, kumwamba kulibe kothawira. Timabotolo tozungulira tija anthu amaika pa tebulo tisiyeni, mulibe nsomba ziwiri zomwe zingakhalemo mwamtendere.

Chachiwiri, dziwani madzi a pakhomo panu. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalumpha, pomwe nkhani yonse yagona pamenepa. Nsomba zomwe timagula zinachokera kumadzi osiyanasiyana. Neon tetra, angelfish ndi discus kwawo ndi ku mitsinje ya Amazon, madzi ofewa, opanda laimu, pH (muyeso wa asidi m'madzi) yotsika kuposa 7. Nsomba za m'nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika zinazolowera madzi olimba, pH cha ku 8 ngakhale kupitirira. Guppy, molly, platy ndi swordtail nazo zimakonda madzi olimbirako. Ndiye gulani tizipepala toyezera madzi tija, muyeze a pampopi kapena a pa mjigo omwe muzigwiritsa nchito masiku onse. Ngati mulibe, suzumirani mu ketulo yanu: ngati pansi pali zoyera zokakamira, madzi anu ndi olimba, ndipo ine ndinganene kuti iwalani za discus, pitani ku ma guppy, ma platy kapena mbuna, nsomba za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Kulimbana ndi madzi kuti asinthe ndi mankhwala sabata iliyonse ndi nchito yomwe mudzatopa nayo, ndipo tsiku lomwe mwaiwala ndi lomwe nsomba zimadwala. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, muzithira mankhwala ochotsa klorini musanawaike mu thanki.

Kutentha nako. Goldfish ndi nsomba ya madzi ozizira, imakhala bwino pa madigiri 18 mpaka 22, pomwe zinzake zambiri zija zimafuna 24 mpaka 27. Kuno mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira ndithu, ine themometa ya mu thanki yopanda hita ndinaiona itafika pa 18 mbandakucha, goldfish ili bwinobwino koma ma tetra atafooka, ndipo ndi nthawi yomwe matenda a timadontho toyera ngati mchere amabuka pa thupi. Mu Okutobala zimatembenuka, madzi amatentha, mpweya m'madzimo umachepa, goldfish nkumapuma wefuwefu pamwamba. Choncho goldfish ikhale ndi ma goldfish anzake basi. Komanso imakula mpaka masentimita 20 kapena kuposa, imadya kwambiri, imaipitsa madzi kwambiri, imazula zomera.

Chachitatu, sankhani banja limodzi ndipo mukhale pomwepo. Ine ndimaona ngati pali makomo anayi: goldfish zokha, nsomba zazing'ono zofatsa zosakaniza, mbuna ndi zinzake za ku nyanja, kapena nsomba imodzi yaikulu ngati oscar yomwe imakhala yokha. Mukasankha khomo limodzi, nsomba ya khomo lina olo ikongole bwanji pa shopu, isiyeni komweko.

Manje pa nsomba iliyonse yomwe mtima wafuna, ifunseni mafunso awa musanatulutse ndalama.

Ikakula idzafika pati? Za pa shopu zonse ndi ana. Oscar mumaigula ngati chala chachikulu, pakatha chaka yadzaza dzanja, ndipo imafika masentimita 30. Pleco wamba uja amati amatsuka galasi amafika 30 mpaka 40, ndipo akakula ndere amazisiya, nkuyamba kukakamira pa thupi la goldfish usiku. Ngati mukufuna wotsuka galasi funsani bristlenose, amathera cha ku 12. Lamulo lake ndi la kamwa: chilichonse chomwe chingalowe mkamwa mwa chinzake chidzalowa, lero kapena mwezi wamawa. Angelfish si yankhanza kwenikweni, koma neon tetra kwa iyo ndi ndiwo, ndipo imasaka usiku kapena kukamacha inu muli mtulo. Nchifukwa chake mwana wa mlongo wanga sanapeze mitembo.

Imaluma zipsepse? Tiger barb ndiye katswiri. Mukaika atatu chabe pamodzi ndi betta, angelfish kapena guppy wa mchira wautali, m'masiku ochepa michira ija imakhala ngati nsanza. Akakhala gulu lalikulu, 8 kapena kuposa, amatangwanika kuthamangitsana okhaokha ndiye vuto limachepa, koma ine sindiikabe nsomba ya mchira wautali pafupi nawo. Betta yaimuna nayo, ija ya ku Thailand ya zipsepse ngati chitenje, siikhala ndi yaimuna inzake, zimamenyana mpaka ina kufa, ndipo nthawi zina imaona guppy wamwamuna wa mitundumitundu ngati mdani. Gourami ndi betta ndi pachibale, musaziike pamodzi.

Imafuna anzake angati? Anthu timakonda kugula ziwiriziwiri ngati za m'chingalawa cha Nowa, tetra awiri, danio awiri, barb awiri, kuti thanki ioneke ya mitundu yambiri. Koma tetra, danio, barb ndi corydoras ndi nsomba za gulu, zosachepera 6 za mtundu umodzi. Zikachepa zimakhala ndi mantha, zimabisala, mtundu umazilala, zina zimayamba kuluma zinzawo. Kuli bwino mitundu iwiri ya magulu abwino kusiyana ndi mitundu isanu ndi umodzi ya ziwiriziwiri. Kwa guppy, platy ndi molly werengani amuna ndi akazi: wamwamuna mmodzi, aakazi awiri kapena atatu, apo ayi wamkazi amathamangitsidwa tsiku lonse osapuma mpaka kufa. Ndipo dziwiranitu kuti guppy amabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, thanki imadzaza msanga. Ngati simukufuna ana gulani aamuna okhaokha.

Imakhala pati m'madzi? Danio amakonda pamwamba, tetra ndi platy pakati, corydoras ndi bristlenose pansi. Mukagawa chonchi aliyense ali ndi bwalo lake. Koma red tail shark kapena rainbow shark, omwe si shaki ayi dzina chabe, amatenga pansi ponse kukhala pawo, ndiye awiri mu thanki imodzi yaing'ono ndi nkhondo, ndipo corydoras amavutika nawo.

Tsopano mbuna, ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi zomwe ine ndimaweta ndipo ndi za pafupi ndi kwathu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, mazanamazana a ma cichlid, banja lomwe muli mbuna, ndipo paki ya ku Cape Maclear inalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsombazi. Anthu ku Germany ndi ku America amaziweta ndi kuzitchula ndi dzina lomwelo la mbuna, pomwe ife tili pano, kungodutsa pa Mwami, Mchinji, Lilongwe nkufika ku Salima. Kunyanja mbuna zimakhala pa miyala, zimadya ndere zomera pa miyalayo, ndipo yaimuna iliyonse imalondera phanga lake. Khalidwe limenelo siilisiya ikalowa mu galasi. Choncho mbuna siikhala ndi guppy, siikhala ndi tetra, siikhala ndi angelfish, siikhala ndi goldfish. Olo ma peacock a Aulonocara, omwe ndi a nyanja yomweyo, ndi ofatsa kwambiri ndipo mbuna zolusa zimawapanikiza mpaka osaonetsa mtundu wawo.

Pakati pa mbuna zokhazokha napo pali kusiyana kwakukulu. Yellow lab, ija yachikasu ya mzere wakuda pa chipsepse chapamsana, dzina lake Labidochromis caeruleus, ndi yofatsako, yoyenera kuyamba nayo. Rusty, Iodotropheus sprengerae, nayonso chimodzimodzi. Koma auratus, ya mizere yachikasu ndi yakuda yopita chamulitali, ikakhala yaing'ono imakongola kwambiri ndipo imagulitsidwa kwambiri, ikakula yaimuna imada thupi ndipo imatha kupha thanki yonse. Ine ndinaona ndi maso anga. Ndinali ndi yellow lab yaikazi yomwe inali itanyamula mazira mkamwa, pakhosi potupa, osadya, chifukwa mbuna zimasunga mazira ndi ana mkamwa pafupifupi masabata atatu. Auratus inaithamangitsa mpaka inakabisala kuseri kwa hita pamwamba penipeni, mutu uli m'mwamba, mamba a m'mbali atachoka. Ndinachedwa tsiku limodzi kuichotsa, m'mawa mwake ndinapeza yalavula mazira onse, iyo ili chagada. Mpaka lero auratus sindiilola pakhomo panga pokhapokha thanki ikhale yake.

Mbuna zimafuna thanki ya masentimita 120 kupita m'tsogolo, mchenga pansi, miyala yambiri younjika mpaka theka la thanki kuti mapanga achuluke kuposa nsomba ndiponso kuti yothamangitsidwa ikakhota isaonekenso. Miyala muyale pa galasi lapansi kaye mchenga pambuyo, chifukwa zimakumba ndipo mulu ukhoza kugwa nkuswa galasi. Miyala ya m'mapiri athuwa imagwira nchito, itsukeni ndi burashi ndi madzi otentha opanda sopo. Donthezanipo viniga: ikachita thovu ili ndi laimu, kwa mbuna ndi yabwino chifukwa imalimbitsa madzi, kwa tetra ayi. Yaimuna imodzi, zazikazi zitatu kapena zinayi pa mtundu uliwonse, ndipo musasakanize mitundu yofanana maonekedwe, mwachitsanzo ziwiri za buluu za mizere yotsika, chifukwa zimamenyana kwambiri komanso zimakwerana nkubala zosakanizika zomwe palibe amene angazifune. Chakudya chawo chikhale cha zomera monga spirulina. Mukazipatsa za nyama zambiri ngati nyongolotsi zofiira zija zimatupa mimba nkufa, ndiye ichinso ndi chifukwa china chomwe sizikhalira ndi oscar, mbale yawo ndi yosiyana. Mnzawo wapansi yemwe amapirira ndi nkholokolo, Synodontis, ali ndi minga ndipo amayenda usiku.

Za ku Tanganyika, zomwe zimapezeka kumtunda kwathu ku Mpulungu, monga Tropheus, frontosa ndi tija tokhala m'zigoba za nkhono, madzi ake amafananako ndi a Malawi koma ine sindisakaniza. Frontosa imakula kwambiri, ndi yodekha, ndipo imadya tinsomba usiku. Ta m'zigoba tija tokha mu thanki ya masentimita 60 timasangalatsa kuposa chilichonse. Ndipo ngati mukuganiza zodutsa ndi nsomba zamoyo pa boda, yambani mwafunsa ku ofesi ya Fisheries za mapepala.

Pali nkhani ina yomwe olemba akunja saiganizira: malaiti. Iwo amalangiza kuti mbuna muziike zambiri mothinana kuti ndewu igawikane, yolusa isapeze imodzi yoilondalonda. Nzoona zimagwira, koma zimadalira fyuluta, chosefera madzi, yamphamvu yoyenda usana ndi usiku. Kuno malaiti akapita maola ambiri, thanki yothinana ndi yomwe imayamba kufa, mumapeza zonse zili pamwamba kukamwa yasa. Ndiye ngati mulibe inveta kapena sola, chepetsani nsomba, sankhani zofatsa monga yellow lab ndi rusty, ndipo gulani kapampu ka mpweya ka mabatire. Malaiti akapita musadyetse, nthawi yozizira fundikani thanki ndi bulangete, mukhozanso kutunga madzi ndi kapu nkumawathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Betta ndi gourami zimatha kupuma mpweya wa pamwamba, choncho zimapirira bwino pa nkhani imeneyi, zebra danio ndi platy nazo ndi zolimba.

Wina adzati nanga za mumtsinje? Ana amakonda kubwera ndi kamlamba kapena ka bream ka pa damu. Mlamba umakula mpaka kupitirira mita, umadya chilichonse, ndipo usiku umodzi umakwanira. Bream imakumba, imazula, imakula. Matemba ang'onoang'ono ndi ofatsa ndipo amakhala bwino pagulu, koma amatha kubwera ndi tizilombo, ndiye asalowe mwachindunji.

Kuti muone chitsanzo, ya malita 54 ine ndingaike ma guppy aamuna 6 basi, kapena betta imodzi ndi nkhono ziwiri. Ya malita cha ku 100, zebra danio 6, platy 4, bronze corydoras 6 ndi bristlenose mmodzi. Ya malita 240, yellow lab 6, rusty 5, ndipo ngati fyuluta ndi malaiti zili bwino, nkholokolo za mtundu waung'ono zitatu.

Mwasankha, koma musathamangire kugula zonse tsiku limodzi. Thanki yatsopano ilibe tizilombo tabwino tomwe timasandutsa ammonia, poizoni wa m'ndowe za nsomba, kukhala nitrite kenako nitrate yomwe siivulaza kwambiri, ndipo timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tikhazikike mu fyuluta. Nthawi imeneyi nsomba zikafa anthu amati zaphana, pomwe ndi madzi. Njira yachidule, pemphani siponji yakale ya mu fyuluta kwa mnzanu yemwe thanki yake ilibe matenda, muibweretse ili yonyowa m'madzi a thanki yake. Kenako lowetsani pang'onopang'ono, gulu limodzi, dikirani masabata awiri, lina. Zofatsa zilowe poyamba, yolusa ilowe pomaliza isanaone ngati nyumba yonse ndi yake. Mbuna zokha ndi zomwe ndimaika zingapo nthawi imodzi zikadali zazing'ono zofanana msinkhu, chifukwa yobwera yokha pambuyo onse amaiunjikira.

Nsomba yatsopano iyambe yakhala payokha masabata awiri kapena kuposa, olo mu beseni lalikulu lomwe silinaonepo sopo, ndi kapampu ka mpweya ndi chivundikiro. Makamaka ngati yayenda pa basi kuchokera ku Lusaka, makilomita oposa 550 pa Great East Road, imafika yotopa ndipo matenda amatulukira patapita masiku. Tsiku loilowetsa, dyetsani eni nyumba kaye, zimitsani nyali ya thanki, yandamitsani pepala la pulasitiki lomwe muli nsombayo pamwamba mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, thiranimo madzi a thanki pang'onopang'ono kangapo, kenako itengeni ndi kaukonde, madzi a mu pepala mutaye. Ngati ndi ma cichlid, sunthani miyala yonse tsiku lomwelo kuti aliyense ayambe kufuna phanga latsopano.

Sabata yoyamba khalani pa mpando muziyang'ana, osati kungodutsa. Nthawi yodyetsa werengani: ndani sakubwera? Usiku walitsani tochi pang'ono muone yemwe akuyendayenda. Kuthamangitsana pang'ono kenako aliyense nkubwerera ku zake, zimenezo nzabwinobwino. Koma mukaona imodzi ili pakona pamwamba kapena kuseri kwa fyuluta, zipsepse zong'ambika, mtundu wazilala, siikudya, musadikire mawa ngati mmene ndinachitira ine. Chotsani yolusayo, osati yomenyedwa yokha, chifukwa mukachotsa yomenyedwa yolusa imangosankha ina. Isungeni padera sabata imodzi, sinthani miyala, yesaninso. Ikabwereza ndiye kuti siikhala, ipezereni malo ena.

Malo enawo asakhale mumtsinje wa Lunkhwakwa, wa Lutembwe kapena pa damu lililonse. Nsomba yachilendo ikalowa mumtsinje siibwerera, taonani za nkhanu zija za redclaw ndi Nile tilapia mmene zafalikira mu Kafue. Bwezani kwa wogulitsa, sinthanani ndi mnzanu, kapena funsani sukulu ina ngati ili ndi thanki. Kwa mwana wa mlongo wanga tinachita chomwecho: goldfish inapita kwa aneba omwe ali ndi kadziwe ka simenti kuseri kwa nyumba, angelfish ziwiri zinatsala mu thanki yaikulu ndi ma platy ndi corydoras, ma neon atatu aja tinawaika mu ya malita 54 ndi hita, ndipo mwezi ukatha tikawonjezera ena asanu kuti gulu likwane.